Chisanza cha m'Lipenga la Achiimire

Mpandowo lekani kuukankhira kwa mlendoyo, wakana kale. Munthu akakana mpando mumangomusiya, chifukwa simudziwa chimene chamuimika. Mukuseka, eti? Sekani, mano ndi anu. Koma poti nkhuni zikadalipo ndipo palibe amene akusinza, imvani zimene zinawaonekera aphunzitsi a Kalitsiro pa sukulu ya Kamphelo.

Sukuluyo ili ndi bwalo lalikulu lampira, ndipo kumapeto kwake, m'mphepete mwa msewu wafumbi wopita kuboma, kuli chipilala cha simenti chokumbukira anyamata a m'midzi imeneyo amene anapita kunkhondo ya azungu osabwerako. Si chipilala choti mungaime n'kuchiyang'ana kawiri. Chaka chonse mbuzi zinkadzikanda pamenepo. Koma Novembala akakwana ankachipaka laimu, akuluakulu a kuboma n'kubwera atabaya timaluwa tofiira pachifuwa, ana a sukulu n'kuimba nyimbo zawo, ndipo pomaliza nkhalamba ina inkaliza lipenga. Inkaliza kawiri. Koyamba kanali kalizidwe kakatali, kokoka mtima, ndipo kakatha anthu onse ankakhala chete ataweramitsa mitu. Kenako kankabwera kalizidwe kachiwiri, kakafupi, kamene ambiri sankakamva n'komwe chifukwa anali atayamba kale kunyamula mabenchi.

Nkhalambayo dzina lake linali Kopolo Mtambalika, koma mukanafunsa dzina limenelo palibe akanakulozerani nyumba. Anthu ankangoti Achiimire. Chibwerere kunkhondo ya ku Bama, palibe amene anawaonapo atakhala pansi. Kutchalitchi ankaima kumbuyo kwenikweni. Pamaliro chiimire, pamlandu chiimire. Chakudya ankawaikira pathandala la mbale. Za kugona, mwana wawo Nangondo, amene ankagulitsa zitumbuwa pachipata cha sukulu, ankati bambo ake amatsamira mzati wa pakhonde atakoleka mkono pachingwe, basi kwacha. Ena ankati chipolopolo chinawatsalira mumsana, ena ankati ndi matama a usilikali chabe. Ana ankawatsanzira akadutsa. Wowafunsa bwinobwino panalibe.

A Kalitsiro anabwera pa Kamphelo kuchokera kwina, ali ndi katundu wochepa ndi mwana mmodzi, mtsikana wa Sitandade 7 dzina lake Mwandida. Mayi a mwanayo anali atatsogola kale, ndipo bamboyo analibenso wina pansi pano woti n'kumutcha wake. Anali munthu wabwino, koma waphuma, ndiponso wosafuna kuti chinthu chimukanike anthu akuona. Nyimbo ndiye zinali m'magazi. Pasanathe chaka anali atautsa bandi ya sukulu, ng'oma za zikopa za mbuzi, zitoliro za nsungwi, malipenga a zikho onga a mganda, ana akuguba mpaka amayi opita kuchigayo kuima pamsewu matumba ali pamutu.

Chaka chimenecho Achiimire mano omaliza anagweluka, mpweya nawo unayamba kuwathera, moti ngakhale pachipata cha kwawo sankafikanso. Ahedi anauza aphunzitsi kuti mwambo wa pachipilala ungochitika wopanda lipenga.

"Wopanda lipenga, ahedi? Alendo a kuboma adzati pa Kamphelo palibe mphunzitsi wa nyimbo," anatero a Kalitsiro. "Zimenezo ndisiyireni ine."

Anapita kwa Nangondo pachipata cha sukulu paja. Mayiyo anayamba wazengereza, koma m'mawa mwake anabwera nalo lipengalo atalikulunga m'chitenje, pansi pa dengu la zitumbuwa.

"Likungodya fumbi pamsomali," anatero. "Koma bambo asadziwe, aphunzitsi. Salola munthu kulikhudza."

Linali lipenga la mkuwa, lopindika, lokhala ndi mabala apo ndi apo. A Kalitsiro atasuzumira kukamwa kwake kotambasuka kuja anapeza muli chisanza cha khaki, chakalekale, chokanikizidwa zolimba.

"Akuluakulu ndi mantha awo a mavu," anaseka okha.

Anachikoka ndi waya n'kukachiponya kudzala. Paja amati safunsa adadya phula.

Anyamata a bandi anayesa mmodzimmodzi, koma chimene chinkatuluka simungachitchule pali akulu. Mwandida anangoti ndiyeseko, n'kuliika pamlomo. Mawu anatuluka osalala, okwera, mpaka akhwangwala a m'mitengo ya bulugamu anauluka onse. Bambo ake mtima unachita kudzaza chifuwa. Kalizidwe koyamba kaja ankakakumbukira bwino, popeza anakamva Novembala wathayo atangofika kumene, ndipo kanawakhudza kwambiri. Anakaimba ndi pakamwa, mwana n'kumatsatira. Kachiwiri ankangokumbukira kuti n'kakafupi.

"Kameneko n'kosavuta, tidzakaona kumapeto," anatero.

Choncho masana aliwonse, ana akaweruka, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, Mwandida ankaima pafupi ndi chipilala n'kuliza koyamba kaja. Akamaliza, bambo ake ankati, "Bwereza." Akabwereza, "Bwerezanso." Akakhutira ankapukuta lipenga ndi malaya n'kumapita kwawo.

Zinayamba ndi mbuzi. Mbuzi za pa Kamphelo, zimene ngakhale mwala sizinkauopa, zinaleka kudutsa pabwalo. Zinkafika m'mphepete, n'kuima, n'kuzungulira kutali kuseri kwa zimbudzi. Kenako makapu a ana omwera madzi pamjigo anayamba kusowa. Wina kulira kuti andibera, wina kumenya mnzake, mpaka tsiku lina mtsikana wosesa anawapeza onse kuseri kwa chipilala, atandandalikidwa mumzere wowongoka, zogwirira zonse zitaloza mbali imodzi. Ahedi anakwapula anyamata awiri amene sanalakwe kanthu.

Chisanza chija nachonso chinabwerera. A Kalitsiro anachipeza m'mawa pakhomo pawo chitapindidwa bwinobwino, kamwala kali pamwamba kuti chisauluke. Anaganiza kuti ndi ana achipongwe, n'kukachiponya m'chimbudzi. Mawa lake chinali pomwepo, chouma, chopindidwa chimodzimodzi. Ulendo uno sanachitaye. Anachikankhira kuseri kwa mtondo ndi phazi, ndipo sanauze munthu.

Masiku omwewo Nangondo anawaimitsa pachipata.

"Aphunzitsi, kodi chaka chino kwabwera asilikali kudzakonzekera mwambo?"

"Ayi. Bwanji?"

"Pali abambo ena amene akumaima apo pamsewu ndikamalongedza dengu, dzuwa likapendeka. Nkhope sindizionetsetsa, amaima mbali imene kuli dzuwa. Ochepa thupi, ovala akabudula. Dzulo wina anandifunsa ngati mudzi wa Kaphwiti ukadali kutsidya kwa dambo."

"Ndiye chavuta n'chiyani?"

"Mudzi umenewo unasamuka amayi anga asanakwatiwe. Kuli mabwinja okhaokha. Nditamuuza anangoti zikomo mayi, koma sanasunthe. Ndinamuninkha chitumbuwa, anati sangadye, ali pantchito."

A Kalitsiro anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pamano pokha.

Tsiku lina akuyendetsa bandi anamva chinthu chimene khutu la mphunzitsi wa nyimbo silingaphonye. Ana awo ambiri anali osavala nsapato. Koma pansi pankagunda ngati pakuponda jombo, ndipo jombo zake zinali zambiri kuposa mapazi. Anakweza dzanja, ana anaima. Kugundako kunapitirira phazi limodzi, di, ndiye n'kuleka. Ana anayang'anana. Wang'oma yaikulu anayamba kulira popanda womumenya. Kamphepo katadutsa kanabweretsa fungo la polishi ndi la tenti yonyowa, pamene mvula inali isanagwe ndi dontho lomwe chaka chimenecho.

Nkhani inafika m'midzi, ndipo mukudziwa mmene timachitira ife anthu, aliyense ndi yake. Ena ankati ndi aphunzitsi a sukulu ya kutsidya ofuna kugwetsa bandi. Ena ankati bwalolo analilima pamanda. Ahedi anaitanitsa mkulu wa mpingo kuti adzapemphere. Mkuluyo anafika ndi Baibulo lake, anayang'ana bwalo, n'kusankha kuimira m'mphepete. Panali iye, ahedi ndi a Kalitsiro basi. Pemphero lake linali lalifupi kuposa la chakudya, ndipo atati ameni, amene anavomera anali ambiri. Mkuluyo anakwera njinga osatsanzika.

"A Kalitsiro," anatero ahedi akupukuta thukuta, "inu mwamva chiyani?"

"Mphepo, ahedi."

"Eya. Inenso mphepo."

Zonsezi akanazipirira, akanati ndi kutopa. Koma mphunzitsi wa Sitandade 7 anabwera kudzadandaula kuti Mwandida wayamba mwano, akukana kukhala pansi m'kalasi, amangoima kumbuyo manja ali m'mbali. Apo m'pamene a Kalitsiro anakumbukira kuti kunyumbanso masiku amenewo mwanayo ankadya chiimire, ndipo m'mawa mkeka wake unkapezeka wokulungidwa monga anausiyira dzulo lake.

Madzulo amenewo anayala mkeka pakhonde.

"Mwandida, khala pansi tidye."

"Ndili bwino, bambo."

"Ndati khala."

Anamugwira mapewa n'kumukanikizira pansi. Mwana wowonda ngati ameneyo, koma maondo anali gwa, osapindika. Atayang'ana kumapazi anaona atatupa mpaka khungu kunyezimira. Misozi inkatsika m'masaya mwa mwanayo, koma nkhope inali italunjika kubwalo la sukulu.

"Ndatopa, bambo. Ndikufuna kukhala, koma sitinamasulidwe."

"Iwe ndi ndani?"

"Tonsefe."

Atamufunsanso, anati sakukumbuka kuti wanena kanthu.

A Kalitsiro anachita mantha, mantha enieni. Kuchipatala anawapatsa mapiritsi a kutupa, koma mapiritsi sapinda maondo. Analetsa zoyeserera zonse, lipenga n'kulitsekera m'sutikesi. Sizinathandize. Mwana anapitirira kuonda ali chiimire pakona ya nyumba, akusinza mutu uli pakhoma, akadzidzimuka n'kuwongokanso. Bwalo lija nalo, ngakhale linali lopanda munthu, anyamata anasiya kusewerapo mpira. Ankati palibe malo.

Masana ena a Kalitsiro anati adutse pakati penipeni kuti aone okha. Anayenda pang'ono n'kupeza kuti akuyenda cham'mbali, ngati munthu wodutsa mumsika wodzaza. Phewa lawo linakhudza chinthu chofunda. Wina anatsokomola pafupi ndi khutu lawo, chifuwa chakale chouma, ndipo mawu aulemu kwambiri anati, "Pepani bwana, kodi mpaka liti?" Sanacheuke. Anatuluka pabwalopo, anakatenga lipenga ndi chisanza chija, ulendo wa kwa Achiimire.

Anawapeza pakhonde atatsamira mzati wawo, nkhope italoza kusukulu. Aka kanali koyamba kuti a Kalitsiro aiyang'anitsitse miyendo ya mkuluyo. Inali yotupa, yakuda, yong'ambika m'zidendene. Nangondo ataona lipenga m'manja mwa aphunzitsi anagwira pakamwa n'kulowa m'nyumba.

"Ndimamuuza uyu tsiku ndi tsiku kuti lipenga langa likulira kusukulu, iye amati ndi ukalamba," anatero mkuluyo, mawu akutuluka movutikira m'nkhama zopanda mano. "Chisanza munachotsa ndinu?"

"Ndine, agogo. Ndimayesa n'cha mavu."

"Cha mavu." Anapukusa mutu. "Ine zaka zonsezi ndikafuna kuyesera ndimatseka kaye, kuti asamve. Msilikali ukamuitana amabwera, aphunzitsi, kaya ali kuti. Akabwera amaima. Sachoka mpaka um'masule. Inu mwakhala mukuitana masana aliwonse, osamasula. Afika ndi a nkhondo yoyamba omwe, ndi amtengatenga amene mayina awo palibe n'komwe pachipilala."

"Mwana wanga sakukhala pansi."

"Ndikudziwa. Woitana amaima nawo."

"Ndiye ndiuzeni kachiwiri kaja, ndikamuphunzitse alize lero lomwe. Mwanayo ndi wochenjera, sachedwa kugwira."

Achiimire anapukusa mutu.

"Akaliza, onse apita. Iye yekha atsala. Lipenga limamasula omva, silimasula woliza. Ndiyang'aneni ine." Analoza miyendo yawo ndi chibwano. "Woliza lipenga wathu anafera pamtsinje wina kutali uko. Titakwirira anzathu panalibe womasula, ine n'kulitola. Ndinali mnyamata, ndinkangofuna kuthandiza. Kukhala pansi komaliza kunali m'mawa wa tsiku limenelo."

"Zaka zonsezi, agogo? Bwanji simunaphunzitse wina kuti akumasuleni?"

"Ndipatse mwana wa yani?"

M'nyumba Nangondo ankamveka akufwenthera. A Kalitsiro anaganiza za mipando yonse imene anakhalapo osathokoza, za mkeka, za kugona chagada pansi pa mango munthu ataweruka. Anaganizanso za mapazi a Mwandida, ndi zaka zimene zinali kutsogolo kwa mwanayo. Mantha anali nawo, osanama, koma sizinawatengere nthawi.

"Phunzitsani ine."

"Mwamva zimene ndanena?"

"Ndamva. Ine ndakhalapo kale pansi zaka zambiri. Iye sanakhale."

"Bwezerani kaye chisanzacho."

Kuimba ndi pakamwa n'kwina, lipenga n'kwina. A Kalitsiro, katswiri wa kwaya, pa lipenga anali mbuli yeniyeni. Masiku otsalawo akangoweruka ankathamangira pakhonde la Achiimire. Nkhalamba inkang'ung'udza kalizidwe kaja m'mphuno, iwo n'kumatupitsa masaya m'lipenga lotseka, milomo mpaka kung'ambika. Mkuluyo sanali mphunzitsi wachifundo.

"Ameneyo ndi bulu akulira, si lipenga. Mukalakwitsa pakati sachoka, amangokuyang'anani. Bwerezani."

Lipengalo ankalisiya komweko, chifukwa kunyumba kunali kutabuka china. Mwandida anali atayamba kung'ung'udza yekha kalizidwe kachiwiri kaja, mopanda cholakwika, pamene palibe anamuphunzitsa. Ndipo bambo ake akalowa ankawayang'ana m'manja.

"Bambo, lipenga lili kuti? Akuti ndiwamasule ine."

"Lili kokonzedwa, mwananga."

Lamulungu la mwambo linafika iwo asanakhoze bwinobwino, koma kudikira kunali kosatheka, chifukwa mwana anali atasiya ndi phala lomwe. Achiimire anati aitane Mwandida yemweyo komaliza kuti onse akhale tcheru. "Koma kukangokhala chete, maso anu akhale pa dzanja lake."

Kunatentha tsiku limenelo. Akuluakulu a kuboma anakhala pamipando yawo m'chisakasa, timaluwa tofiira tili pachifuwa. Makolo anadzaza m'mphepete mwa bwalo, ndipo palibe amene anawauza kuti asiye pakati popanda munthu, koma anasiya. Achiimire anabwera pangolo ya ng'ombe, chiimire, atagwira matabwa a m'mbali, atavala jekete yawo ya khaki ndi mamendulo. Ana anaimba nyimbo zawo motsitsa mawu. Bandi inaguba m'mbalimbali, osadutsa pakati, wang'oma yaikulu akumenya maso ali pansi. Mwandida anamufikitsa pachipilala atamugwira uku ndi uku, mapazi akukwekwereza. Bambo ake anasolola chisanza n'kumupatsa lipenga, ndipo atangolilandira anawongoka nji.

Analiza. Anali asanalizepo bwino chotero. Amayi ena anayamba kulira osadziwa chimene akulirira. Atamaliza kunagwa bata, ndipo m'bata limenelo aliyense anamva kupuma. Kunali kupuma kwa anthu ambiri otopa, pakati pa bwalo pamene panalibe munthu. Mbendera inalendewera osagwedezeka. Mkulu wina wa kuboma anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso.

Dzanja la Mwandida linayamba kukwera lokha.

A Kalitsiro analigwira lipengalo litatsala pang'ono kufika pamlomo. Mwanayo sanafune kulisiya. Zala zake zinali ndi mphamvu zosakhala za mwana, ndipo anachita kuzitambasula chimodzichimodzi.

"Bambo, akudikira ine."

"Yako wagwira kale, mwananga. Yatsalayi ndi yanga."

Anaika pamlomo n'kuuzira. Panatuluka mpweya wokhawokha. Anamva bwalo lonse likuwayang'ana, ndipo sindikunena makolo aja ayi. Anapukuta magazi pamlomo, anatsinzina, n'kuuziranso. Mawu anatuluka osweka, onjenjemera, oti tsiku lina ana akanagubuduka nako kuseka. Koma anayenda nawo mpaka kumapeto osaphonya.

Pansi panagunda kamodzi, di, mpaka mabenchi ananjenjemera. Kenako fumbi linadzuka pakati pa bwalo popanda mphepo, n'kuyamba kugawikana. Lina linatsata msewu wa kuboma, lina linalowa m'tinjira ta kumidzi, lina linatsikira kudambo, cha kumabwinja a Kaphwiti. Nangondo amalumbira mpaka lero kuti wina podutsa anamuuza kuti tsalani bwino mayi.

Mwandida miyendo inangoti khwethe, n'kukhala pansi pafumbi, n'kupempha madzi. Kungolo kuja anawatsitsa Achiimire. Anayang'ana pansi ngati akupaopa, kenako anapinda bondo limodzi, n'kupinda linalo, n'kukhala. Anasisita dothi ndi chikhatho.

"Ha, kodi pansi pano m'pofewa chonchi?"

Anagona pomwepo, mutu uli pamiyendo ya Nangondo, n'kuyamba kuliza mkonono mlendo wa kuboma ali mkati molankhula. Anamwalira mvula yoyamba itagwa, ali pamkeka, atatambasula miyendo monga anthu onse.

A Kalitsiro anabwezera chisanza m'lipenga, n'kubereka mwana wawo mpaka kunyumba. Mwandida anamwa phala, anagona, n'kudzuka dzuwa litapendeka ali mwana yemwe uja, wanjala ndi wolongolola. Za masiku aja ankakumbukira pang'ono chabe, ndipo kalizidwe kachiwiri kanali katamuchokeratu m'mutu. Anapeza bambo ake ataima pakhonde, atatsamira mzati. Anatsimphina kulowa m'nyumba n'kutulutsa mpando wandalema umene iwo ankaukonda.

"Khalani, bambo, mwatopa."

"Ndikhala, mwananga. Ndikhala."

Mwanayo anayang'ana mpando, n'kuyang'ana maondo a bambo ake, ndipo anamvetsa. Kulira kumene analira madzulo amenewo anakumva ndi a kutsidya kwa dambo.

A Kalitsiro anaphunzitsa pa Kamphelo mpaka kupuma ntchito, mpando wa m'kalasi mwawo ukusunga choko ndi mabuku. Novembala aliyense ankaitana n'kumasula, ndipo ana atsopano, osadziwa kanthu, anayamba kuwatcha Achiimire n'kumawatsanzira akadutsa. Mwandida anakula, pano ali ndi ana ake. Chaka ndi chaka amagwada pamaso pa bambo ake kuwachonderera kuti amuphunzitse kachiwiri kaja, iye aime, iwo akhaleko pansi asanafe. Iwo amangokanikiza chisanza m'lipenga ndi chala chachikulu.

"Ndipatse mwana wa yani? Wanga?"

Mpandowo ulowetseni m'nyumba, ungagwidwe ndi mame.